Tsiku Limene Ndidadula Makutu a Galimoto

Malemu amuna anga sankalankhula zambiri, koma tsiku lina adandichenjeza, ndipo chenjezolo ndalisunga bwino kuposa mmene ndasungira mano anga. Adati, "Mayi a Yusufu, waya aliyense ali ndi nsonga ziwiri. Imodzi mukuiona m'nyumba mwanu. Inayo simukudziwa kumene yathera, ndipo amene waigwira simukumudziwa." Adanena izi chaka chimene mng'ono wawo adapititsa wailesi kwa wokonza kuboma. Wokonzayo adangoyang'ana pamene kamuvi kadaima n'kudziwa kuti mwini wake amamvera za kunja. Sipadapite nthawi, kudabwera galimoto yopanda nambala. Mlamu wangayo adabwerako ndithu, koma adabwera atatha thupi, ndipo mpaka imfa yake sadafunenso kumva ngakhale nyimbo ya paukwati.

Tsono mukamawerenga zimene ndidachita ndi galimoto ya mwana wanga, muzikumbukira kumene ndachokera. (Ndikudziwa kuti museka. Sekani. Kuno ku Liwaladzi adaseka kale mpaka adatopa, ndipo pabwalo pano tatsala awiri, ine ndi tsache.)

Zidachitika titangovotera nyali, chizindikiro cha matipate pa riferendamu, nthawi imene pakamwa pa aliyense padatseguka ngati msika. Anthu ankanyoza atsogoleri m'basi masanasana, osacheuka n'komwe kuti kumbuyo kwakhala yani. Ine ndinkangowayang'ana n'kumati mumtima, lankhulani anzanga, akukusiyani dala kuti mutuluke nonse m'mauna. Ufuluwo ndidaulandira ndi dzanja limodzi, linalo lili pachitseko.

Pa ana anga onse, amene adatsala pakhomo ndi Yusufu, mzime wanga. Enawo adamwazika kalekale, amandikumbukira pa chikondwerero cha Idi, Idi yakenso ikakhala ya chaka chimene mpunga wachita bwino. Yusufu adamanga kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mkazi wake Asiyatu ndi ana awo ndiwo ankadzaza bwaloli ndi fumbi, kulira ndi makoko a mango. Ndinkadandaula za phokosolo tsiku lililonse. (Mulungu amamva, abale. Muzisankha zodandaula.)

Chaka chimenecho Yusufu adapeza ntchito yoyendetsa pikapu ya a Mwale, eni chigayo cha mpunga ku Dwangwa. Ankazungulira m'midzi ya kuno mpaka ku Malengachanzi, kugula mpunga kwa alimi n'kukatula kuchigayo. A Mwalewo sankakhulupirira munthu aliyense, ndipo pa chimenechi ndimawapatsabe ulemu. Ankadziwa kuti dalaivala akatalikira maso a bwana, pikapu imasanduka matola. Ndiye adaikitsa m'galimotomo wailesi yolankhulirana ija timati ovaova, inzake n'kuiika patebulo pawo kuchigayo. Pangano lake Yusufu adatibwerezera pakhonde monga adalimvera: "Ndikakuitana uziyankha. Ukamayankha, galimoto izigona kwanu. Ukapanda kuyankha, izigona kuno, ndipo dalaivala amagona pamene yagona galimoto."

Tanthauzo lake ndidalimva bwino lomwe. Wailesiyo ikalephera, Yusufu asamukira ku Dwangwa, Asiyatu amutsatira, ana atsatira mayi wawo, ine nditsala ndikulonjerana ndi mitengo. Choncho chinthu chokhacho chomangirira banja langa pabwalo pano chinali chinthu cha waya. Tandiuzani ngati mudamvapo tsoka lokonzedwa bwino chotere.

Tsiku limene galimotoyo idafika ndidaizungulira mosamala. Pansi pa chiwongolero padali kabokosi kakuda, kachingwe kopotana ngati matumbo a nkhuku, kumapeto kwake kachipangizo kam'manja kolankhulira kokhala ndi kabatani, ndipo pambali pa boneti padaima eriyo yaitali ngati ndodo ya mbedza. Ndidalamula kuti izikaima kutali, pa kachitunda ka pachulu. Zimenezi zidamukomera Yusufu, chifukwa batire inali yotheratu ndipo galimotoyo inkalira pokhapokha itsetsereke kapena aikankhe. Ndidaletsa ana kutchula dzina la munthu wamkulu aliyense pafupi nayo. Asiyatu akafuna kundiuza za m'mudzi, tinkapita kuseri kwa nkhokwe.

Galimotoyo ndidaikwera koyamba popita kuchipatala kuboma ndi miyendo yangayi. (A Mwale adaletsa kukweza munthu aliyense, koma mayi si munthu aliyense.) Injini isanalire, wailesi inali phee. Itangolira, mudayamba kaphokoso koti iiiiii, ngati udzudzu wa m'dambo la mpunga, pansi pake china chikuti thethethe ngati chimanga chokazinga pa chiwaya. Yusufu akaponda moto, udzudzuwo ukukweza mawu. Akachepetsa, nawonso ukutsitsa.

Ndidamukhudza pabondo n'kuika chala pakamwa.

"N'chiyani, amayi?"

"Atsegula," ndidanong'ona.

"Atsegula chiyani? Ndani?"

"Makina awo. Sukuwamva akuzungulira? Ukathamanga, nawonso akuthamangitsa kuti asatsalire."

Adaseka mpaka galimoto idatsala pang'ono kuloza kutchire. "Amayi inu! Ndi injini imeneyo. Moto wa mapulagi ndi wa olitaneta, ija imadzaza batire, ukulowerera mu wailesi. Mulibe munthu umu. Ndani angataye tsiku lake kumvera inu mukudandaula maondo?"

"Bambo ako aang'ono nawonso ankanena choncho."



Koma ndinene zoona, phokosolo lidandikhazika mtima pansi. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinali ndi chondiuza nthawi imene akumvera. Likalira, ine pakamwa tseke. Likasiya, ndikhuthula zonse. Linali ngati nkhanga zoweta zija zimasokosa mlendo akangoponda pabwalo. Ndidafika polikonda.

Kwa Yusufu nkhanga yangayo inali mdani. A Mwale akaitana galimoto ikuyenda, mawu awo ankamira m'phokosomo. Kuti awamve ankayenera kuima n'kuzimitsa injini, ndipo akazimitsa ankayenera kusaka okankha. Tsiku lomwelo la kuchipatala, pobwerera, wokankha ndinali ine, mapiritsi a miyendo nditamanga pa chitenje. Akati ayambe wapeza potsetsereka asanaime, a Mwale ankati amachedwa kuyankha chifukwa amatsitsa anthu. Mapeto ake adati, "Nditumiza makaniko. Akakonza, phokoso lithe. Likapanda kutha, ndiye kuti phokosolo ndiwe."

Makanikoyo adabwera Lachinayi. Anali a Chirwa, munthu wa kumpoto, wamfupi, wosekaseka. Munthu wosekerera nkhalamba imene sakuidziwa ine ndimayamba ndamuwerenga zala. Ndidatenga lichero ndi mpunga wopeta kale, n'kukhala pafupi ndi galimoto, kumapetanso.

Adayamba ndi mafunso. "Likulira mukayatsa mawaipa? Nanga magetsi? Likukula pamsewu wa tala kapena wa fumbi?" (Mwaona? Munthu wangofika, akufuna kale kudziwa misewu imene mwana wanga amadutsa.) Kenaka adachotsa mawaya a wailesi pamene adalumikizidwa pamodzi ndi zinthu zina, n'kuwapititsa okhaokha ku batire, kafiyuzi pakati. Adasintha mawaya a mapulagi. Adapala penti ndi kampeni mpaka chitsulo chidawala, n'kumangirira timalamba ta waya toluka bwino ngati tsitsi la mkwatibwi, kena kuchoka pa boneti kupita pa thupi la galimoto, kena pa injini, kena pa paipi ya utsi. Ankauza Yusufu kuti chitsulo chilichonse chizigwirana ndi chinzake, kuti moto wosochera uzipeza njira m'malo mothawira mu wailesi. Chingwe cha eriyo adachisuntha, n'kuchiyendetsa chokha m'mbali, kutali ndi mawaya a injini. Pomaliza adatulutsa m'thumba kachitini konyezimira, kocheperapo pa batire ya tochi, kamchira ka waya kumbuyo, n'kukamanga pa olitaneta.

Apa ndidalephera kupirira. "A Chirwa, ako n'kachiyani?"

"Kondensa, mama. Kamameza phokoso lisanafike ku wailesi."

"Kakameza kamakapereka kwa yani?"

"Kwa munthu yayi, mama. Kamangomeza basi."

"Chinthu chomeza osatulutsa ine sindidachionepo. Ntchito imeneyi mudaiphunzira kuti?"

"Ndagwira zaka zambiri chomene, kukonza mawailesi a m'magalimoto a boma."

Lichero lidandipulumuka. Nkhuku zidachita ukwati tsiku limenelo.

Atamaliza adathira madzi ndi oyilo, natseka boneti, n'kuuza Yusufu kuti asagwiregwire m'menemo. Yusufu adatsetsereka ndi galimoto, idalira, adaponda moto mpaka masamba a mango adanjenjemera. Wailesi phee. Udzudzu palibe, chimanga chokazinga palibe. Kenaka mawu a a Mwale adatuluka oyera ngati akhala pampando wakutsogolo: "Pabwalo mwamveka. Loweruka ndikuyesa uli pamsewu ndi katundu. Ukayankha, nkhani yatha. Ova." Asiyatu adaimba nthungululu. Ana adavina mozungulira chulu. Yusufu adandigwira mapewa n'kunena kuti, "Mwamva, amayi? Sitipita kulikonse."

Ine sindidavine nawo. Munthu wa boma wabwera pabwalo panga, wandiphera nkhanga yanga ndikuona, waika kachitini komeza mawu, ndipo banja langa likumuombera m'manja. Kale ndinkadziwa nthawi imene akumvera. Tsopano azimvera mwakachetechete, nthawi iliyonse, ine osadziwa.

Lachisanu masana amuna adapita kumzikiti ku swala ya Ijuma. Asiyatu adatsikira kunyanja ndi ana kukachapa. Ine ndidati miyendo ikundiwawa. Atangozimirira ndidatenga mpeni wanga wotumbulira nsomba ndi pulayala ya malemu, n'kukwera pachulu paja ngati namwali. Pokokera boneti ndinali nditapaona kale. (Kupeta mpunga wopeta kale kuli ndi phindu lake.)

Zatsopano zinali zosavuta kuzidziwa, chifukwa ndi zokhazo zimene zinkawala. Mawaya a mapulagi ndidawasiya, poti ndidamva kuti popanda amenewo galimoto siyenda. Ndine wokalamba, sindine wopusa. Kachitini kaja ndidakamasula ndi pulayala, ndikugwira mpweya kuti kasamve kupuma kwanga. Timalamba toluka ndidatidula kamodzikamodzi, ka ku paipi ya utsi ndidachita kukwawira pansi. Podula kotsiriza, ka pa boneti, mpeni udaterereka n'kukagunda mutu wa batire uku ukukhudza chitsulo.

Kudang'anima moto, pha!

Ndidadziwa kuti andiwombera. Ndidatchula shahada, mawu a chikhulupiriro aja timatchula pa imfa, mothamanga kuposa mmene ndidaitchulirapo, ndidadumpha, chigongono chidagunda kachitsulo kochirikiza boneti, boneti n'kundigwera pamsana, gwa! Ndidakhala choncho, theka la ine lili m'galimoto, theka linalo lili panja likuyang'ana kumsewu, ndikudikira chipolopolo chachiwiri. Wina adadutsa pa njinga n'kupereka salamu. Ndidayankha ndili momwemo, chifukwa salamu sakana. Sadaime, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti anali yani, koma aliyense wa njinga ndimamuyang'ana kawiri.

Podzisolola, chitenje changa chidakodwa pa ngowe ya boneti n'kung'ambika m'mphepete, kansalu kataliko ndithu. Mpeni udatsala ndi chibowo chakuda pa msonga. Munthu wanzeru akadalekera pomwepo. Koma nditakwezanso boneti maso anga adagwa pa chingwe cha eriyo chija, chikuyenda chokhachokha m'mbali, chikupewa anzake. Ine ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene amakhala payekha, kutali ndi anzake, ndiye amene mawa lake amakanena anthu kuboma. Ndidachikoka, n'kuchimangirira ku mawaya a mapulagi ndi kansalu kaja, mfundo yolimba, kuti anzake azichiona zochita zake.

Kachitini ndi timalamba ndidapita nazo kuchimbudzi. Ndidatseka chitseko, kachitiniko ndidakaika pakamwa, n'kulankhula momveka bwino: "Inu amene muli uko, ndakugwirani. Mumafuna kumva za pakhomo pano? Yambani ndi za muno." Ndidaponya. Tsiku limenelo ndidadya bwino kuposa masiku onse a mwezi umenewo.

Loweruka ndidauza Yusufu kuti ndipita nawo. Adakana, adati lero ndi tsiku la mayeso. Ndidagwira bondo n'kubuula mpaka adagonja. Zoona zake ndinkafuna kumva ndi makutu anga ngati nkhanga yanga yabwerera. Popita wailesi adaizimitsa posunga batire, poti a Mwale adati aitana tikasenza. Tidakweza matumba m'mudzi wina wa m'dambo mpaka galimoto idakhala pansi ngati bakha, anyamata adatikankha, ndipo titalowa mumsewu wa mchenga Yusufu adati bisimila, n'kutsegula.

Abale anga. Idabwerera, ndipo idabwera ndi ana ake. Sudalinso udzudzu, chinali chigayo chathunthu chikugaya miyala. M'kati mwa chiphokosocho munkamveka tizidutswa ta munthu: "...sufu... kuti... ova..."

"Zatheka bwanji?" Yusufu adakuwa, akumenya chiwongolero. "Dzana zinali bwinobwino!"

Ine ndidangoyang'ana pawindo, mumtima ndikuimba.

Adayesa kuyankha, osamveka. Adayang'ana potsetsereka, koma dambo la mpunga mukulidziwa, n'losalala ngati mphasa. Adayendabe, thukuta likutsika m'khosi, a Mwale akung'ambika mu wailesi. Potsiriza adaima pakati pa mchenga n'kuzimitsa. Kudati zii.

"Yusufu! Ndakhala ndikukuwa ngati wamisala. Uli kuti? Ova."

"Bwana, phokoso labwerera, walayi. Ndaima kuti ndikumveni. Ova."

"Labwerera lokha? Kapena umawerenga mitu ya matola? Uli ndi yani m'menemo? Ova."

Yusufu adandiyang'ana n'kuika chala pakamwa. Adadina kabatani. "Ndili ndekha, bwana, ine ndi mpunga basi..."

Tsono mundimvetse. Phokoso linali litasiya, ndipo kwa ine likasiya ndiye kuti atseka, munthu ungalankhule. Komanso ndinkayesa kuti kachipangizo kam'manja kaja kamangomva pakamwa pamene kayandikira. Moyo wanga wonse ndakhala ndikubisalira omvera osaoneka, ndipo tsiku limenelo ndidaiwala mmodzi yekhayo amene ndinkamudziwa dzina.

"Usamunjenjemerere ameneyo," ndidatero. "Munthu wokanika kugula batire, mimba ngati thumba la madeya."

Chala cha Yusufu chinali chikadali pa kabatani. Adachichotsa pang'onopang'ono ngati pali minga. Poti injini inali itazima, mawu anga adafika ku Dwangwa osataya ngakhale chilembo.

Kenaka a Mwale adati: "Mpunga wa chaka chino ukulankhula. Ova."

"Ndi amayi anga, bwana. Ova."

"Wa matola aliyense ali ndi amayi ake. Bwera kuno. Boneti usatsegule, atsegula a Chirwa ine ndikuona. Mpunga wolankhulawo ubwere nawo. Ova."

Za kukankha pikapu yodzaza mpunga pa mchenga sindifotokoza. Adatithandiza amayi ena amene ankamweta m'munda, ndipo ine ndidakankha nawo, chifukwa Yusufu adandiuza mwaulemu kuti nditsike ndichepetse katundu. Njira yonse mpaka ku Dwangwa Yusufu ankangobwereza yekha kuti, "Aganiza kuti ndachotsa dala. Andichotsa ntchito."

Pachigayo antchito adasiya matumba n'kutizungulira. A Mwale adatuluka, ndipo ndiyenera kuvomera kuti za mimba zija sindidaname. A Chirwa adakweza boneti. Adayang'ana nthawi yaitali. Kuseka kwawo kuja kudatha.

"Mama we. Kondensa palibe. Malamba onse adula."

"Ndimadziwa," adatero a Mwale. "Wachotsa kuti azinamizira phokoso."

"Bwana, ndikulumbira, sindidatseguleko!"

"Dikirani," adatero a Chirwa. Adawerama, adalimbana ndi china chake ndi zikhadabo, mpaka adagwiritsa mano. "Makaniko amene wagwira apa amamanga mfundo ya pamtolo wa nkhuni." Adaweramuka atanyamula kansalu m'mwamba, kachikasu, ka maluwa ofiira.

Mudzafunsa kuti ndidavaliranji chitenje chomwecho. Chinali chitenje changa cha paulendo, ndinalibe china, ndipo kong'ambikako ndidakupindira m'kati. Koma pokankha paja chidamasuka. Maso onse a pachigayo adachoka pa kansalu, adatsika, n'kudzaima pa ine. A Chirwa, munthu waulemu, adangobwera n'kuyerekeza kansaluko m'mphepete mwa chitenje changa. Maluwa adakumana.

Ndidafotokoza. Ndidanena za malemu, za nsonga ziwiri za waya, za mlamu wanga, za nkhanga, za chingwe choyenda chokha. Ndidafotokoza bwino kwambiri moti pena ndinkaona ngati ena akugwedeza mitu movomera, koma kenaka ndidazindikira kuti akubisa kuseka.

"Nanga kondensa ili kuti, mama?"

"Kumene ili ikumva zoiyenera."

Yusufu yekha ndiye adamvetsa. Adavula mzuli kumutu n'kuphimba nawo nkhope.

A Mwale adaseka mpaka adakhala pa thumba. Atapukuta misozi adati, "Amayi, ine ndimayesa wosakhulupirira anthu ndine. Mwandiposa. Yusufu, za phokoso sudaname, ntchito yako ilipo. A Chirwa akonzanso. Koma olitaneta ili ndi mankhwala ake. Pabwalo panu ndiye sindikudziwa, choncho galimoto izigona kuno."

Ndidagwada. Ine, pa fumbi la madeya, pamaso pa munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndidalonjeza kuti sindidzakhudzanso boneti, kuti mpeni ndiutaya, kuti ndiziyenda mozungulira chulu. Ndidati, "Bwana, musanditengere ana."

Adandiyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chidawagwira. Adati, "Dzukani, amayi. Ndikufunsani funso limodzi, mukayankha bwino galimoto ibwerera kwanu lero lomwe. Mukuvomera kuti m'kachitini kaja mudalibe munthu womvera?"

Liwu limodzi, abale. Ee. Ngakhale mwana woyamwa amalidziwa. Yusufu adatsitsa mzuli n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ali wamng'ono akafuna kuti ndimunyamule. Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene. Koma pomwepo maso anga adagwa pa a Chirwa, ataima pambali, akusekereranso, dzanja lili m'thumba momwe mudatuluka kachitini koyamba.

"Zimenezo," ndidatero, "angadziwe ndi a Chirwa."

Yusufu ndi banja lake adasamuka mwezi womwewo. Pikapu yomweyo ndiyo idabwera kudzanyamula katundu, wailesi ikulankhula bwinobwino injini ikulira, moti ndidamva a Mwale akufunsa ngati mphasa zakwana. Yusufu sadandikalipire, ndipo kusakalipako kumandiwawa mpaka lero. Adagwada pakhonde n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni tonse. Nyumba ili ndi chipinda chanu." Ndidafunsa ngati ili ndi magetsi. Adati ee. Ndidafunsa kumene mawaya ake adutsa. Adati m'zipupa. M'zipupa! Kugona m'nyumba imene mawaya ake sungawaone n'komwe. Adapumira m'mwamba, adandigwira dzanja, adakwera. Ana adandibayibitsa ali pamwamba pa matiresi mpaka fumbi lidawameza.

Amabwera, sindikukana. Amaima kumsewu mpunga ukakhala wa mbali ino, amathamanga kudzasiya shuga ndi sopo, injini osazimitsa. Wailesi ikaitana ndimaimva ndili pakhonde, yoyera, ndipo iye amathamangira komweko. Ntchito ya a Chirwa ndi yabwino, ndinene zoona. Yabwino mokayikitsa.

Phunziro lake anthu andiuza ambiri, aliyense lake. Asiyatu adati ndizifunsa ndisanadule. Ashehe adati kukayikira munthu wosalakwa ndi tchimo. Ine ndimavomera onse, koma palibe amene wandiuza kumene kachitini kamapititsa zimene kameza.

Chimene ndachiona ndekha ndi ichi. Zaka zonsezi ndinkaopa kuti wina akundimvera. Tsopano ndimadzuka, ndimasesa bwalo limene palibe walidetsa, ndimalankhula, ndipo palibe. Masiku ena ndikapita kuchimbudzi ndimachedwako. Ndimayamba ndi moni, kenaka omvera a m'kachitini aja ndimawauza za maondo, za nkhuku imene yasowa, za mdzukulu wanga wamkulu amene ndamva kuti wayamba kuwerenga. Sayankha, koma sadandidulepo mawu.

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka apa, mukamadutsa pa Liwaladzi, tapatukani mudzandione. Nyumba yake ndi ya chulu kutsogolo, pamwamba pa chulupo pali mizere ya matayala imene udzu wayamba kukwirira. Muime pa mtengo wa mango, mutchule dzina lanu ndi la amene wakutumani, chilichonse cha waya musiye kumsewu. Tiyi ndikupatsani, ngakhale ndiyamba ndakufunsani mafunso. Mukandisowa pakhonde koma mukumva mawu kuseri, musathawe, sindidapenge. Khalani pansi mudikire. Ndikhala ndikumalizitsa nkhani.